Kusamutsa mapu a mapaipi a madzi ndi a suweji kuchoka pa pepala kupita mu GIS ku Mzuzu

GIS ndi mapu a mu kompyuta omwe chinthu chilichonse chojambulidwapo chimakhala ndi mbiri yake mu tebulo. Anthu ambiri opatsidwa ntchito yosamutsira mapu kumeneko amakakamira pa malo awiri. Ena amajambula mizere yonse bwinobwino, koma akaiyika pamwamba pa chithunzi cha setilaiti amapeza kuti paipi yoyenera kuyenda m'mbali mwa msewu wa M1 ikudutsa pa madenga a nyumba za anthu, kutali ndi msewuwo. Ena amamaliza ndithu, mapu n'kutuluka okongola, koma tsiku lomwe paipi yaphulika ku Chibavi palibe amene amawatsegula chifukwa mapulambala sawakhulupirira. Malangizo awa ndi anu amene muli ndi mipukutu ya mapu akale mu kabati, kaya muli ku bungwe la madzi, ku khonsolo, pa sukulu kapena chipatala chokhala ndi mapaipi akeake, kaya ndinu wophunzira amene mwatumidwa ntchitoyi.

Madzi a mumzinda muno amagawidwa ndi Northern Region Water Board kuchokera ku damu la Lunyangwa. Za suweji n'zosiyana. Mabanja ambiri amagwiritsa ntchito zimbudzi zokumba ndi ma septic tank, ndipo mapaipi a suweji mumawapeza makamaka pa malo a mabungwe akuluakulu. Ndiye ntchito yambiri idzakhala ya mapaipi a madzi, koma suweji yochepa ilipoyo ili ndi malamulo akeake omwe ndawapatsa gawo lawo.

Zoyenera kukhala nazo

- Kompyuta yokhala ndi QGIS. Pulogalamu ya GIS imeneyi ndi yaulere. Tengani mtundu wolembedwa kuti LTR, chifukwa susinthasintha.
- Makina a sikani otenga pepala lalikulu la A1 kapena A0. Ngati mulibe, funsani kwa anthu osindikiza mapulani a nyumba.
- Foni ya Android yokhala ndi QField, pulogalamu yotsegulira mapu a QGIS pa foni, kapena GPS ya m'manja.
- Tepi yoyezera ya mamita 30 kapena 50, kiyi wotsegulira ma valve, chitsulo chonyamulira zivundikiro, penti, magolovesi ndi magambutsi.
- Chithunzi cha setilaiti kapena cha drone chatsopano, ndi misewu ya pa OpenStreetMap.
- Hard drive yapadera yosungirapo kope lachiwiri, ndi UPS ngati mukugwiritsa ntchito kompyuta ya pa desiki.
- Pulambala mmodzi kapena awiri amene agwira ntchito mumzindawu zaka zambiri. Popanda iwo musayambe n'komwe.

1. Lembani kaundula wa mapu onse

Tulutsani pepala lililonse, lipatseni nambala ndi pensulo pa ngodya, ndipo mulembe mu Excel nambalayo, dera, chaka, sikelo, amene anajambula, ndi mmene pepalalo lilili. Chofunika kwambiri pano ndi kusiyanitsa pulani yojambulidwa ntchito isanayambe ndi yojambulidwa itatha, yomwe imalembedwa kuti "as-built". Pulani yoyamba ija imaonetsa zomwe injiniya ankafuna. Kontirakitala akakumana ndi thanthwe kapena nyumba amakhotetsa ngalande, ndipo kukhotako kumaoneka pa pulani yachiwiri yokha. Mukakhala ndi zonse ziwiri, tsatirani yachiwiri. Mukakhala ndi yoyamba yokha, lembani zimenezo mu kaundula chifukwa mudzazifuna pa gawo 5.

Funsaninso za mafayilo a AutoCAD a ntchito za posachedwa. QGIS imawerenga DXF, mtundu wina wa mafayilo amenewa, ndipo zimenezo zikupulumutsani masabata ojambula.

2. Chitani sikani

Gwiritsani ntchito 300 dpi, musunge ngati TIFF. Ngati pa pepala pali zolemba za bolopeni yofiira kapena ya buluu, sikani ikhale ya mitundu, poti nthawi zambiri zolemba zimenezo ndi zokonza za anthu omwe anafika pamalopo ndipo n'zamtengo kuposa mizere yosindikizidwa. Chinyezi cha ku Mzuzu chimafewetsa mapepala n'kuwamatanitsa, choncho mpukutu wakale muutambasule pang'onopang'ono, muutsendereze ndi mabuku usiku wonse musanaulowetse m'makina. Musadule m'mphepete: manambala a gridi ndi mawu onena za datum (poyambira kuyeza, onani gawo 3) amakhala kumeneko.

Kujambula mapu ndi foni kukhale kosowa pogwira. Kamera imapinda m'mbali mwa pepala ndipo kupindako kumavuta kuwongola.

3. Dziwani datum ya mapu anu musanakhudze china chilichonse

Apa ndi pomwe mapaipi amakwerera pa madenga. Pa gridi ya dziko lonse yotchedwa UTM, Mzuzu ili mu zoni 36 ya kummwera, ndipo mapu akale ndi GPS yanu zonse zinganene kuti "UTM 36S" koma zikuyezera poyambira posiyana. Mapu akale a boma la Malawi anajambulidwa pa datum ya Arc 1950, pomwe GPS, foni ndi zithunzi za setilaiti za pa intaneti zimayendera WGS 84. Zili ngati anthu awiri oyeza munda umodzi ndi chingwe chofanana, wina akuyambira pa mtengo wa mango, wina pa chulu. Aliyense wayeza molondola, koma manambala awo sangagwirizane. Kusiyana kwake kuno kumafika mamita mazana angapo, makamaka kuchoka kumpoto kupita kummwera.

Mu QGIS manambala oyenera kuwadziwa ndi awa: EPSG:20936 ndi Arc 1950 ya zoni 36S, EPSG:21036 ndi Arc 1960 ya zoni yomweyo, ndipo EPSG:32736 ndi WGS 84 ya zoni 36S. Arc 1960 ndaitchula chifukwa mafayilo ena omwe anthu amapatsirana amabwera nayo. Werengani m'mphepete mwa pepala. Mukaona mawu akuti "Clarke 1880", dziwani kuti si WGS 84.

Ngati pepala silikunena kanthu, yesani motere. Sankhani chinthu chooneka pa mapu chomwe chilipobe, monga thanki ya madzi, muwerenge manambala ake pa gridi, kenako mupite mukaime pomwepo ndi GPS yotcheredwa pa WGS 84. Akasiyana ndi mamita ochepa, mapu ali pa WGS 84. Akasiyana ndi mamita mazana, ndi Arc. Akasiyana kotheratu, ojambulawo anadzipangira gridi yawoyawo ya pamalopo, ndipo manambala akewo muwaiwale, mudzadalire zinthu zooneka basi.

Pali kayeso kena kachangu. M'dera la Mzuzu nambala ya kummawa imakhala ya manambala asanu ndi limodzi, cha m'ma 610,000, ndipo ya kumpoto imakhala ya manambala asanu ndi awiri, cha m'ma 8,730,000. Mukapeza zosiyana kwambiri ndi zimenezi, mwina mwasinthanitsa awiriwa kapena mwasankha zoni ya kumpoto kwa equator.

Ine ndimalangiza kuti ntchito yonse yatsopano isungidwe pa EPSG:32736, chifukwa ndi yomwe foni za anyamata opita ku malo zizigwirizana nayo popanda kusinthasintha. Koma funsani kaye ngati bungwe lanu linasankha kale ina, ndipo zomwe mwagwirizana muzilembe pa pepala lomwe aliyense aziliona.

4. Khazikani chithunzi cha mapu pamalo pake

Tsegulani Georeferencer, chida cha mu QGIS chokhazikira chithunzi cha mapu pamalo pake. M'mitundu yatsopano ya QGIS ili pansi pa Layer, m'yakale ili pansi pa Raster. Lowetsani TIFF ija, kenako muyambe kuyika madontho ogwirizanitsa pepala ndi nthaka.

Ngati pepala lili ndi gridi yodalirika, dinani pomwe mizere ya gridi yapingasana n'kulemba manambala ake, mutasankha datum ya pepalalo, osati ya GPS. Ngati lilibe, dinani chinthu pa pepala, kenako musankhe "From Map Canvas" n'kudina chinthu chomwecho pa chithunzi cha setilaiti. Sankhani zinthu zosasuntha: ngodya za nyumba zakale za boma kapena za tchalitchi, milatho, mathanki a simenti, mabikoni a asaveya. Mphambano za misewu zimakopa chifukwa zimaoneka msanga, koma samalani nazo. Msewu wa M5 wopita ku Nkhata Bay unamangidwanso, ndipo misewu ina ya m'tauni inakulitsidwa, kotero pakati pa mphambano pa mapu akale si pomwe pali pakati lero. Pa nyumba zazitali dinani pomwe khoma lakhudza nthaka, osati denga, chifukwa setilaiti imajambula mopendekeka pang'ono.

Yikani madontho osachepera asanu ndi atatu, anayi pafupi ndi ngodya za pepala ndi ena pakati. Madontho onse akaunjikana mbali imodzi, mbali inayo imapotoka osakuuzani. Pa Transformation type yambani ndi Polynomial 1. Pepala lotambasuka kapena lokwinyika lingafune Polynomial 2, yomwe imafuna madontho osachepera asanu ndi limodzi.

Tsopano yang'anani manambala a residual, omwe amaonetsa ma pixel omwe dontho lililonse laphonya nawo. Pa sikani ya 300 dpi ndi sikelo ya 1:2,500, pixel imodzi ndi pafupifupi masentimita 21 pa nthaka, ndiye residual ya 10 ikutanthauza mamita awiri. Dontho limodzi likaposa anzake kwambiri, libwerereni, mwina mwadina nyumba yolakwika. Koma chenjerani ndi ziro. Polynomial 1 yokhala ndi madontho atatu okha imapereka ziro nthawi zonse, ndipo Thin Plate Spline nayo imatero ngakhale dontho lina lili lolakwika, chifukwa imakoka pepala mpaka ligwirizane ndi chilichonse mwaiuza. Umboni weniweni ndi kuyika mapu omalizidwawo pamwamba pa setilaiti, kuwapepuza kuti pansi pazioneka, n'kuona ngati zinthu zomwe simunagwiritse ntchito ngati madontho zikugwera pamalo pake. Onaninso m'malire momwe mapepala awiri akumana. Sungani fayilo ya madontho ija kuti wina adzathe kubwereza.

Dziwaninso malire a pepalalo. Mzere wonenepa theka la milimita pa sikelo ya 1:2,500 ukuphimba mamita 1.25 a nthaka, ndipo pa 1:10,000 ukuphimba mamita asanu. Kuwonjezera apo ojambula akale ankasuntha paipi dala kuti isaphimbane ndi mzere wa msewu. Mapu otere amakuuzani mbali ya msewu yomwe kuli paipi. Sakuuzani pokumba.

5. Konzani ma layer musanajambule mzere ngakhale umodzi

Pangani fayilo imodzi ya GeoPackage. Shapefile isiyeni: imadula mayina a ma field (magawo a tebulo olembamo za chinthu chilichonse) pa zilembo khumi ndipo imabalalika m'timafayilo tambiri tosavuta kutayika. M'kati mwa GeoPackage ija mupange layer (gulu la zinthu za mtundu umodzi pa mapu) ya mizere ya mapaipi a madzi, ndi ma layer a madontho a ma valve, ma hydrant, mathanki, mapampu, makiyosiki ndi mamita akuluakulu. Suweji ikhale ndi ma layer akeake, a mapaipi ndi a ma manhole. Madzi akumwa ndi suweji zisakhale mu layer imodzi.

Paipi iliyonse ikhale ndi nambala yakeyake, kukula kwake mu mamilimita, mtundu wake monga uPVC, HDPE, GI, AC (ya simenti yosakaniza ndi asbestos) kapena DI, chaka chomwe inayikidwa, kuya kwake, ndi ngati ikugwira ntchito kapena inasiyidwa. Pa mtundu gwiritsani ntchito Value Map kuti munthu azingosankha pa mndandanda. Mukalola kulemba pamanja, "PVC", "pvc" ndi "upvc" zidzawerengedwa ngati zinthu zitatu.

Kenako wonjezerani ma field awiri omwe kwa ine ndi mtima wa ntchito yonseyi. Yoyamba ndi gwero: nambala ya pepala la mu kaundula uja, kapena kuti mwauzidwa ndi pulambala, kapena mwayeza nokha. Yachiwiri ndi kudalirika, ndipo zilembo zitatu zikukwana. A ndi paipi yomwe wina waiona ndi maso itafukulidwa n'kuiyeza. B ndi yochokera pa pulani ya "as-built" kapena yolumikiza ma valve awiri omwe mwawapeza. C ndi ya pa pulani yakale yosatsimikizika kapena ya m'mutu mwa munthu. Pa mapu, za C zizioneka ndi mzere wodukaduka. Chifukwa chake n'chakuti mzere ukangolowa mu kompyuta anthu amauyesa woona. Pepala long'ambika limadzichenjeza lokha, koma mzere wosalala wa buluu pa sikirini suonetsa kuti unachokera pa kuganizira, ndipo woyendetsa makina okumbira adzaudalira. Chomwe simukuchidziwa chisiyeni chopanda kanthu. Musalembe chaka chongopeka kapena ziro kuti tebulo lioneke lodzaza.

6. Jambulani

Yatsani snapping, yomwe imamatitsa mzere watsopano pa womwe ulipo kale; chizindikiro chake ndi kamaginito. Itchereni pa vertex (dontho la pa mzere) ndi segment (chigawo cha mzere pakati pa madontho awiri), pa ma pixel 10 kapena 12. Popanda iyo mizere imaoneka yolumikizana koma pakati pali mpata wa masentimita, ndipo tsiku lomwe mudzafune kudziwa nyumba zomwe zisowe madzi mukatseka valve inayake, kapena kutumiza mapuwo ku pulogalamu ya EPANET kuti muwerengere mphamvu ya madzi, kompyuta idzaona mapaipi oduka.

Yambani ndi madontho, kenako mizere, kuchokera ku mathanki kutsika ndi mapaipi akuluakulu, nthambi pambuyo. Dulani mzere paliponse pomwe pali tee, valve, kapena pomwe kukula ndi mtundu wa paipi zasintha. Mapaipi awiri akangopingasana wina pamwamba pa mnzake osalumikizana, musayike vertex pamenepo. Lembani ma field nthawi yomweyo mukamaliza mzere. Zoti mudzadzaza pambuyo pake sizichitika.

Mapu akale amalemba kukula mu mainchesi. Paipi yachitsulo ya mainchesi 4 imawerengedwa ngati 100 mm, koma ya uPVC yofanana nayo imatchedwa 110 mm chifukwa imayezedwa kunja. Chimodzimodzi mainchesi 2 ndi 50 mm pa chitsulo, 63 mm pa pulasitiki. Sungani field ina yolembamo ndendende zomwe zili pa pepala, kuti kusintha kwanu kukalakwika pakhale pobwerera.

7. Suweji ijambulidwe motsata kutsetsereka

Madzi a mu mpope amakankhidwa ndi mphamvu, koma suweji imangotsetsereka. Choncho mzere uliwonse ujambulidwe kuchoka pa manhole ya kumtunda kupita ya kumunsi, mzere umodzi pakati pa ma manhole awiri, ndipo muyike timivi pa mzerewo kuti wobwerera m'mbuyo azionekera pomwepo. Manhole iliyonse ikhale ndi levulo (kukwera kwa malo) ya chivundikiro ndi levulo ya pansi pa paipi, yomwe pa mapulani imalembedwa kuti IL. Chotsani IL ya kumunsi pa ya kumtunda, mugawe ndi kutalika kwa paipi. Yankho likakhala lochepera ziro, ndiye kuti mapu anu akuti nyansi zikukwera phiri, ndipo pali nambala yolakwika kapena mzere wotembenuka. Malevulo akale angakhale mu mafiti, chulukitsani ndi 0.3048 kuti akhale mamita. Levulo ya pa foni kapena GPS ya m'manja musaigwiritse ntchito pano ngakhale pang'ono, imaphonya ndi mamita angapo pomwe suweji imadalira masentimita.

Ngalande za madzi a mvula zikhale pa layer ina.

Poyeza kuya, tsitsani ndodo kapena tepi muli pamwamba. Munthu asalowe mu manhole. Mumakhala mpweya wa hydrogen sulphide womwe umakomola munthu m'kanthawi kochepa, ndipo ukachuluka mphuno imasiya kuumva. Musasute fodya pafupi, poti mumakhalanso methane.

8. Khalani pansi ndi mapulambala

Sindikizani dera limodzi pa pepala lalikulu, setilaiti ili pansi, muyale pa tebulo, muwapatse bolopeni yofiira. Musawafunse kuti "Kodi mapuwa ali bwino?" chifukwa mwaulemu adzavomera. Funsani kuti, "Bambo, paipi ikaphulika apa, mumakatseka pati?" kapena "Iyi mutaifukula komaliza munapeza ya mtundu wanji?" Pamenepo mudzamva za valve yomwe inakwiriridwa ndi phula, za paipi ya AC yomwe inasinthidwa koma yakale ikadali pansi, za nthambi yomwe sinalembedwe paliponse. M'madera omwe anakula mofulumira ngati Mchengautuwa, Zolozolo ndi Masasa, zambiri zili m'mitu ya anthu amenewa kuposa pa mapepala. Ngati achikulirewo amamasuka bwino m'Chitumbuka, pezani mnzanu woti azicheza nawo m'chinenerocho. Zonse akuuzani zilowe ngati C mpaka mutakaziona.

9. Pitani mukaone ndi maso

Tumizani mapu ku QField, muyende dera limodzi mpaka lithe. Miyezi ya Ogasiti mpaka Okutobala ndiyo yabwino, udzu utachepa ndiponso zitseko za ma valve zisanadzaze madzi ndi matope. Foni imaphonya ndi mamita atatu mpaka asanu pamtetete, ndipo pansi pa mitengo ya bulugamu kapena paini imaphonya koposa. N'chifukwa chake tepi ili pa mndandanda. Pa valve iliyonse yezani mtunda kuchokera pa zinthu ziwiri zokhazikika, monga ngodya ya mpanda wa njerwa ndi mutu wa kalavati, mulembe, mujambule chithunzi chooneka valve ndi zozungulira. Mapolo a magetsi amasunthidwa, musadalire iwo okha. Ngati mungabwereke GPS ya asaveya ya RTK, yomwe imalondola mpaka masentimita, iyambireni pa mapaipi akuluakulu ndi ma manhole.

Musatseke kapena kutsegula valve popanda chilolezo cha oyang'anira dera, ndipo polowa pa malo a munthu odirani kaye, munene chomwe mwadzera.

10. Fufuzani zolakwika ndi kompyuta

Yatsani Topology Checker. Pa mapaipi yikani malamulo a "must not have dangles" (pasakhale mapeto osalumikizidwa) ndi "must not have duplicates" (pasakhale mizere yobwerezedwa), pa ma valve yikani "must be covered by" layer ya mapaipi. Mapeto enieni a paipi adzatulukanso ngati zolakwika, ndiye yang'anani chimodzichimodzi. Kenako werengetsani kutalika kwa mapaipi onse pa kukula kulikonse n'kufanizira ndi zomwe zili m'mabuku a katundu wa bungwe.

11. Konzani za mawa

Pakhale munthu mmodzi wosunga fayilo yeniyeni, ena azilandira makope olembedwa deti. Sungani kope pa hard drive ina sabata iliyonse, ndipo isagone m'chipinda chimodzi ndi kompyuta. Chofunika koposa ndi kafomu kakang'ono ka gulu lokonza mapaipi: nthawi iliyonse akafukula, alembe malo, kukula, mtundu ndi kuya, ajambule chithunzi asanakwirire. Dzenje lililonse lokumbidwa limasandutsa mzere wa C kukhala A popanda ndalama yowonjezera. Makontirakitala atsopano azipereka "as-built" ya mu kompyuta, pa datum yomwe munagwirizana, asanalandire malipiro omaliza.

Zolakwika zomwe zimabwerezedwa

Choyamba ndi kusokoneza "Set Layer CRS" ndi kusintha datum. Lamulo limenelo limangosintha chizindikiro, manambala amakhala omwewo. Kuti layer ya Arc 1950 isamukire ku WGS 84, iuzeni kaye QGIS kuti ndi EPSG:20936, kenako mugwiritse ntchito Reproject Layer kapena muisunge mwatsopano pa EPSG:32736. Ena akaona kuti mapaipi asuntha amangowakoka ndi mbewa mpaka afike pa msewu. Kutero kumabisa vuto, ndipo limadzatulukira pa pepala lotsatira.

China ndi kujambulira pa EPSG:3857 chifukwa chithunzi cha pa intaneti chabwera nayo. Imeneyo imatalikitsa mitunda, kuno pafupifupi mamita awiri pa mamita 100 alionse, ndipo pa mapaipi a mzinda wonse ndi makilomita omwe kulibe.

Ambiri amafufuta mapaipi osiyidwa. Asiyeni pa mapu, mungowalemba kuti sakugwira ntchito, chifukwa wokumba akapeza paipi ayenera kudziwa ngati ndi yamoyo. Pa AC pali chifukwa chinanso: fumbi lake likadulidwa ndi loopsa ku mapapo.

Kuyamba ndi mzinda wonse nakonso kumagwetsa anthu ulesi. Tengani dera limodzi, mwachitsanzo Katoto, mulipititse m'magawo onsewa mpaka mapulambala ataligwiritsa ntchito pokonza paipi yeniyeni. Zofooka za ma field anu zidzaonekera pomwepo mizere ikadali yochepa.

Mayina a madera alembedwe mofanana paliponse, apo ayi kusaka "Mchengautuwa" kudzasiya zonse zolembedwa "Mchengautuba". Ndipo ngati mwalumikiza mapu ndi mamita a makasitomala, kope lopita kwa kontirakitala kapena wophunzira lichotsedwe mayina, manambala a foni ndi ngongole za anthu musanalitumize.